Kupatukira pa Njuli: zimene liwiro limabisa pamsewu wa Zomba

Pamsewu wochokera ku Limbe kupita ku Zomba pali malo amene apaulendo ambiri amangowadziwa ndi fumbi. Malowa ndi pa Njuli, m'boma la Chiradzulu. Galimoto ikangodutsa pa Mapanga, munthu amayamba kuona milu ya miyala m'mbali mwa msewu, malole olemedwa ndi kwale akutuluka pang'onopang'ono, komanso amayi ndi abambo atakhala pansi, nyundo zili m'manja. Pakangotha mphindi zochepa zonsezo zimatsala m'mbuyo, ndipo maganizo amabwerera kumsonkhano wa ku Zomba, kumaliro a ku Machinga kapena kunyanja ku Mangochi.

Msewuwu, womwe pamapu umalembedwa kuti M3, udakonzedwanso ndi thandizo la African Development Bank ndipo udapatsidwa dzina la John Chilembwe. Kukonzedwako kudafupikitsa ulendo wa makilomita pafupifupi 60 pakati pa Limbe ndi Zomba, ndipo palibe amene amalakalaka maenje akale aja. Komabe msewu wabwino uli ndi khalidwe lake: umachotsa zifukwa zoimira. Munthu akhoza kudutsa m'boma la Chiradzulu kawiri pasabata kwa zaka khumi, osadziwa zimene zili kuseri kwa mzere woyamba wa nyumba zam'mbali mwa msewu.

Masiku ano anthu ambiri a m'tauni amayenda ndi kamera m'thumba, chifukwa pafupifupi foni iliyonse yamakono imajambula. Ena mwa iwo adazindikira kuti zithunzi zimene amazikonda kwambiri adazijambula pamalo amene sadakonzekere kuimapo. Njuli ndi madera ozungulira akhoza kufotokoza bwino chifukwa chake zimatero, komanso ngongole imene wojambula amakhala nayo kwa eni dera.

Chifukwa chake kupatuka kumakoma

Chifukwa choyamba ndi liwiro. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pasekondi imodzi. Paliwiro lotere maso amangotola zinthu zazikulu: phiri, mlatho, chikwangwani. Galimoto yomweyo ikalowa mumsewu wafumbi n'kumayenda makilomita 20 pa ola, imadutsa mamita osakwana 6 pasekondi. Woyenda pansi amadutsa mita imodzi ndi pang'ono. Apa m'pamene munthu amayamba kuona mphasa ya nandolo woyanikidwa pakhomo, uvuni wa njerwa ukufuka, ana akukankha galimoto yamawaya, ndi dzina loseketsa lolembedwa pakhoma la okala. Akuluakulu adanena kale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chifukwa chachiwiri ndi chizolowezi. Njira imene munthu adaizolowera saiyang'ananso, amangoitsata. N'chifukwa chake dalaivala akhoza kufika pa Thondwe osakumbukira kuti pa Mbulumbuzi wadutsapo nthawi yanji. Njira yachilendo imadzutsa maso, popeza pamphambano iliyonse munthu ayenera kusankha kolowera, kufunsa ndi kusunga zizindikiro zobwererera. Ola limodzi lotere limatsala m'mutu kuposa maulendo makumi awiri a patala.

Chifukwa chachitatu n'chakuti ulendo wosakonzekera subwera ndi chiyembekezo. Wopita paphiri la Zomba amanyamuka ali kale ndi chithunzi m'mutu, chimene adachiona pakalendala kapena pa Facebook, ndipo akapeza nkhungu amabwerako atakhumudwa. Wopatuka mwadzidzidzi sadalonjezedwe kanthu. Chilichonse chimene wapeza amachilandira ngati basera.

Kamera imawonjezera chinthu chimodzi. Kuti munthu ajambule, ayenera kusankha cholowa m'chithunzi ndi chotsala kunja, aime pati, adikire mpaka liti. Kusankhako n'kumene kumamuphunzitsa kuyang'ana. Ngakhale chithunzicho chitatuluka choipa, wojambulayo amakhala atawaonadi malowo.

Mwala umene umamanga mzinda

Woima pa Njuli amaona poyamba ntchito ya miyala. Pali malo aakulu okumba ndi kugaya miyala ndi makina, ndipo palinso anthu ophwanya miyala pamanja, amene amaiunjika m'milu malinga ndi kukula kwake, kudikira ogula. Miyala yotereyi ndi imene imasakanizidwa ndi simenti ndi mchenga popanga maziko, zipilala ndi masilabu a nyumba. Wokhala ku Blantyre amene adagulako kwale pomanga nyumba yake akhoza kukhala kuti akuponda tsiku ndi tsiku mwala wochokera kuno.

Apa pali phunziro loyamba kwa wojambula. Chithunzi cha mulu wa miyala chojambulidwa pawindo la galimoto sichinena kanthu. Chimene chimanena kanthu n'chojambulidwa munthu atatsika, atapereka moni ndi kumva momwe ntchitoyo imayendera: mwala waukulu umachokera kuti, wilibala imodzi imadzadza pakatha nthawi yotani, ogula amachuluka nyengo iti. Akatero amadziwa choyenera kujambula, kaya ndi nyundo yakutha mutu, kaya ndi kamsasa ka masaka kotchinga dzuwa, kaya ndi manja a munthu amene wagwira ntchitoyo zaka zambiri, ngati mwini manjawo walola.

Phiri ndi kuwala

Chakum'mawa kwa msewu, kudzanja lamanja la wochokera ku Limbe, kuli phiri la Chiradzulu, lomwe nsonga yake ili pamtunda wopitirira mamita 1,700 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Likulu la boma lili m'tsinde mwake. Misewu ing'onoing'ono yochoka pamsewu waukulu imaloweza mbali imeneyo, kudutsa m'midzi ndi m'minda, ndipo anyamata a kabaza apamasiteji amadziwa bwino njira imene ikudutsika panyengoyo.

Popeza phirili lili kum'mawa, wolijambula m'mamawa kuchokera mbali ya Njuli amakhala akuyang'anizana ndi dzuwa, ndipo phiri limatuluka lakuda bii ngati mthunzi. Nthawi yabwino ndi chakumadzulo, dzuwa likapendeka n'kukhala kumsana kwa wojambula. Kuwala kobwera chammbali kumapanga mithunzi imene imaonetsa matanthwe, zigwa ndi mizere ya m'minda. Dzuwa la paliwombo limafafaniza zonsezi, ndipo limaika mdima pansi pa maso a anthu. Wodikira kuwala kwa madzulo akumbukire kuti kuno mdima suchedwa kugwa dzuwa likangolowa, choncho ndi bwino kukhala atabwerera kale patala kusanade.

Nyengo nayo imasintha chithunzi. Kuyambira Disembala mpaka Epulo dziko limakhala lobiriwira, ndipo mvula ikangokata mpweya umakhala woyera kotero kuti pamalo okwera munthu akhoza kuona phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, chiperoni chimabweretsa nkhungu ndi kamvula kowaza kamene kamabisa nsonga za mapiri. Ambiri amabweza kamera m'thumba panthawiyi, chonsecho kuwala kofewa kwa tsiku lamitambo n'kumene kumatulutsa bwino nkhope za anthu ndi mitundu ya zitenje. Mu Sepitembala ndi Okutobala, fumbi ndi utsi wa moto wolusa zimaphimba mapiri akutali, koma dzuwa lolowa limafiira ngati khala la moto.

Kanyumba ka pa Namaka

Kupatuka kwina sikufuna n'komwe msewu wafumbi. Kupitirira pa Njuli kulowera ku Zomba, pamalo otchedwa Namaka, pali kanyumba kakang'ono m'mbali mwa msewu kamene anthu ambiri amakadutsa osakazindikira. Apa ndi pamene amtengatenga, anthu onyamula makalata wapansi pakati pa Blantyre ndi Zomba m'nthawi ya atsamunda, ankapumulirapo. Zomba ndiye lidali likulu la dziko mpaka 1975, pamene Blantyre udali mzinda wa malonda, choncho makalata a boma ndi a amalonda ankayenda kwambiri pakati pa malo awiriwa. Kanyumbako kadasandutsidwa malo osungirako mbiri ya ntchito ya mtengatenga.

Mtunda umene galimoto imaumaliza pa ola limodzi lero, anthu amenewo ankauyenda ndi mapazi, thumba la makalata lili paphewa. Woima pa Namaka kwa mphindi khumi, n'kujambula kanyumbako ndi foni imene imatumiza uthenga ku Lilongwe m'kanthawi kochepa, amabwerera m'galimoto akuuona msewuwo mwa njira ina.

Magomero

Kufika pa Namadzi, m'malire a Chiradzulu ndi Zomba, wopatukira kum'mawa amaloweza ku Magomero. Kumeneko n'kumene amishoni a Universities' Mission to Central Africa, motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, adakhazikitsa mishoni yawo yoyamba mu 1861, atafika m'derali limodzi ndi David Livingstone. Mishoniyo sidakhalitse. Mackenzie adamwalira ndi malungo mu Januwale 1862, ndipo nkhondo, njala ndi matenda zidachititsa otsalawo kusamukira kuchigwa cha Shire.

Patatha zaka, dera lomwelo lidakhala mbali ya minda ikuluikulu ya A. L. Bruce Estates, kumene anthu ankagwira thangata, ntchito yolipirira malo okhala. Woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, adaphedwa kumeneko usiku wa pa 23 Januwale 1915, pamene anthu a Chilembwe adaukira ulamuliro wa atsamunda. Wolemba mbiri Landeg White adatulutsa buku lonena za Magomero mu 1987.

Wofika kumaloko lero asayembekezere zipilala zazikulu. Adzapeza minda, midzi, mitengo ndi anthu akupita kuchigayo. Malo otere ndi ovuta kuwajambula chifukwa chimene chikuwapatsa tanthauzo sichioneka ndi maso. Chothandiza ndi kucheza ndi akuluakulu a m'deralo ndi kulemba pansi zimene anena pamodzi ndi dzina la malo ndi tsiku. Chithunzi cha munda wopanda dzina ndi munda basi, koma chikakhala ndi mawu awiri ofotokoza chimasanduka umboni.

Chithunzi chimene chidapirira kuposa njerwa

Umboni waukulu wa mphamvu ya chithunzi m'boma lino uli ku Mbombwe, chakum'mwera kwa phiri la Chiradzulu. Uku ndi kupatuka kofuna theka la tsiku, ndipo ambiri amafikako podzera msewu wa Midima cha ku Nguludi. Ku Mbombwe n'kumene John Chilembwe adayambitsa Providence Industrial Mission, yodziwika kuti PIM, mu 1900, atabwerako kumaphunziro ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia ku America. Kumeneko adamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa.

Mu 1914 padajambulidwa chithunzi cha Chilembwe ataima patchalitchicho ndi mmishonale wachizungu John Chorley. Chilembwe adavala chipewa, panthawi imene munthu wakuda ankayembekezeka kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Chaka chotsatira kuukira kudalephera, Chilembwe adaphedwa pa 3 Febuluwale 1915, ndipo asilikali a atsamunda adagumula tchalitchicho. PIM idatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malikebu, ndipo tchalitchi chimene chilipo lero chidamangidwa pambuyo pake.

Njerwa zidagwa, koma chithunzi chidatsala. Patatha zaka zoposa 100, mmisiri wa zaluso wa ku Malawi, Samson Kambalu, adachitenga chithunzicho n'kupangira chiboliboli chotchedwa Antelope, chomwe chidaimikidwa pa Trafalgar Square mumzinda wa London mu Sepitembala 2022. Pachiboliboli chimenecho Chilembwe ndi wamkulu kwambiri kuposa Chorley, chipewa chili kumutu. Nkhope ya Chilembwe imene Amalawi amaiona pandalama ya K500 ndi K2,000 idadziwikanso chifukwa cha zithunzi za nthawi imeneyo. Akatswiri a mbiri amatchula Mungo Murray Chisuse, amene ankagwira ntchito yosindikiza mabuku ku Blantyre Mission, kuti adali mmodzi mwa Amalawi oyamba kugwira kamera mwaluso, ndiponso kuti adajambulako Chilembwe.

Phunziro lake n'lakuti wojambula sadziwa chimene chidzakhale chofunika mawa. Mlatho, msika, mtengo wa mkuyu wapamphambano kapena nkhalango ya m'mbali mwa phiri zikhoza kusintha kapena kutheratu m'zaka zochepa, makamaka m'boma lothinana anthu ngati Chiradzulu. Chithunzi chimene munthu wajambula pongodutsa chikhoza kudzakhala chokhacho chosonyeza momwe malowo adalili.

Safunsa adadya phula

Chisangalalo cha wapaulendo chili ndi malire ake, chifukwa malo amene iye akuwaona ngati okongola ndi pakhomo pa anthu ena. Mayi wophwanya miyala pa Njuli ali pantchito yosamalira banja lake. Galimoto ikaima, galasi n'kutsika, foni n'kutuluka, kenako galimoto n'kunyamuka popanda moni, iye amatsala ndi mafunso: chithunzicho chikupita kuti, ndipo akapindule nacho ndani? Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino limateteza moyo wachinsinsi wa munthu aliyense, koma mwambo udanena zimenezi kale malamulo asanalembedwe.

Njira yake ndi yapafupi. Munthu amatsika m'galimoto, kupereka moni, ndi kunena kumene akuchokera. Kenako amapempha: "Zikomo amayi, kodi mungalole kuti ndikujambuleni muli pantchito yanuyi?" Kwa bambo wachikulire amati agogo kapena bambo, kwa mnyamata wa kabaza amati achimwene. Wokana asakakamizidwe. Wolola aonetsedwe chithunzicho pafoni, ndipo auzidwe ngati chikaikidwe pa intaneti. Ana asajambulidwe popanda kholo kapena wamkulu wowayang'anira. Wogulitsa tomato kapena nthochi amene wapereka nthawi yake amamva bwino mlendo akagulako kanthu, m'malo momuponyera ndalama ngati wopemphetsa.

Pali malo ena osayenera kuwayandikira ndi kamera popanda chilolezo cha nyakwawa: kumanda, pamaliro, ndi kumene kukuchitikira chinamwali, makamaka m'miyezi imene sukulu zatsekera. Malo a asilikali ndi pamene apolisi amaimitsa galimoto ndi ofunikanso kuwapewa.

Chenjezoli lili ndi kulemera kwina m'boma la Chiradzulu. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy adapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kum'mwera, ndipo m'mudzi wa Ntauchira m'bomali matope ndi miyala yochokera m'phiri zidakokolola nyumba ndi anthu. Zipsera za nthaka yogumuka zimaonekabe m'mapiri ena. Kwa wodutsa, chipsera chotero chikhoza kuoneka chochititsa chidwi, koma kwa eni dera ndi pamene padatayika abale awo. Wofuna kujambula malo otere ayambe wafunsa, ndipo akhale wokonzeka kubweza foni m'thumba.

Kupatuka mwanzeru

Ngakhale ulendo wosakonzekera umafuna kukonzekerako pang'ono. Mafuta a galimoto ndi okwera mtengo ndipo nthawi zina amasowa, choncho wopatuka ayang'ane kaye geji yake, popeza m'misewu ya m'midzi mulibe malo omwetsera mafuta. Tayala lapadera likhale ndi mpweya. M'nyengo ya dzinja misewu yadothi imaterera ndipo timilatho tina timakokoloka. Mapu a pafoni sanena zimenezi, koma wa kabaza amadziwa.

Poima pamsewu waukulu, galimoto ichoke patala kotheratu, pamalo oonekera patali, osati pokhota kapena pamsonga pa chitunda. Pa Njuli pamafunika kusamala kwambiri chifukwa cha malole olowa ndi kutuluka. Dalaivala asajambule chiwongolero chili m'manja. Wopanda galimoto naye sadatsekeredwe kunja: akhoza kutsika minibasi pasiteji, kugwirizana mtengo ndi wa kabaza, kuzungulira kwa ola limodzi, n'kudzakwera minibasi ina.

Pa kajambulidwe, zinthu zochepa zimasintha zambiri. Galasi la kamera ya foni lipukutidwe, chifukwa fumbi la m'thumba ndi la msewu limachititsa chithunzi kuoneka ngati muli utsi. Ndi bwino kuyandikira ndi mapazi kusiyana ndi kukoka chithunzi ndi zala, chifukwa kukokako kumachiwononga. Phiri lokha limaoneka laling'ono m'chithunzi, koma pakakhala munthu wapanjinga, mtengo kapena denga patsogolo pake, kukula kwake kumaoneka. Pomaliza, zithunzi zabwino zisungidwe kwina kupatula m'foni, ndipo zingapo zitsukidwe papepala. Chithunzi cha Chilembwe chidafika kwa Kambalu chifukwa padali anthu amene adachisunga.

Msewu wa Zomba upitirira kukhala wa anthu ofulumira, ndipo masiku ambiri kufulumirako n'koyenera: ntchito ikudikira, wodwala akudikira, mwambo wa maliro sudikira munthu. Koma pamaulendo khumi pakhoza kupezeka umodzi umene uli ndi ola lapadera. Wonyamuka ku Limbe masana a Loweruka, n'kuima pa Njuli dzuwa litapendeka, akhoza kufika ku Zomba mochedwa ndi ola limodzi, nsapato zili mbuu ndi fumbi, m'foni muli zithunzi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndiponso akudziwa dzina la mudzi umodzi umene kale ankangoudutsa. Ngati adapempha bwino, ulendo wotsatira adzaimanso pomwepo kuti apereke chithunzi chotsukidwa kwa mwini wake.